Ufa wathu wa mango ukumata ngati ulimbo, tikulakwitsa pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Songani, m'boma la Zomba. Alemba motere:

"Zikomo akatswiri. Ndine mlembi wa gulu la alimi a zipatso kuno kwathu. Chaka chatha tinalandira makina ang'onoang'ono otchedwa spray dryer kudzera ku pulojekiti ina, cholinga chake n'choti mango amene amangoolera pansi mu Disembala tiziwasandutsa ufa wosungunula m'madzi. Ulendo woyamba tinathira juwisi yekhayekha ndipo sitinatolemo kanthu, zonse zinamatirira m'kati. Titafunsa anatiuza kuti tizisakaniza ndi maltodextrin. Tinathira theka la kilogalamu pa makilogalamu 10 a phala la mango. Kaufa kanatuluka pang'ono, koma patangotha masiku anayi m'timapepala tapulasitiki munali chibuma cholimba. Kenako tinathira yambiri. Ufa unatuluka bwino koma wotuwa, ndipo ogula akuti sakumvamo mango. Ena pagulu pano akuti kuthira zimenezi ndi kubera anthu, ena akuti tiyese sitachi ya chinangwa poti ndi yotchipa. Tithandizeni, mango ayamba kale kupsa."

Mayi, zikomo pofotokoza bwino chonchi mpaka kuikamo miyezo, mwandipeputsira ntchito. Mtima ukhale m'malo. Makina anu sanawonongeke, ndipo mango a ku Songani alibe mlandu. Aliyense amene anayesapo kuumitsa madzi a zipatso pa makina amenewa anadutsa pomwe mwadutsapo. Ine tsiku langa loyamba linali la chinanazi. Ndinathira juwisi wosasakaniza ndi kalikonse, maso ali pa botolo la pansi kudikira ufa wachikasu. Patatha mphindi 20 m'botolo munalibe kanthu, koma chipinda chonse chinayamba kumveka shuga wopserera. Titatsegula chimgolo cha makinawo, makoma ake anali atakutidwa ndi zinthu zofiirira, zonyezimira, zoti ukazikhudza chala chimakana kuchoka, ndendende ulimbo wotchera mbalame. Tinaweruka dzuwa litalowa, tikukwecha ndi madzi otentha.

Kuti mumvetse mankhwala ake, muyambe mwamva gwero la matendawa. Makinawa amawaza madzi kukhala timadontho ting'onoting'ono m'kati mwa mpweya wotentha. M'masekondi ochepa madzi amauluka, chotsalacho n'kugwa ngati ufa. Koma shuga akaumitsidwa mothamanga chonchi sapanga timiyala ngati shuga wa m'golosale. Amauma ngati switi yonyezimira ija, ndipo switi yotere ili ndi mlingo wake wa kutentha pomwe imasiya kulimba n'kuyamba kufewa. Mwaonapo maswiti a pa benchi mumsika wa Zomba mu Okutobala, mmene amamatirira ku kapepala kake. Ndi zomwezo.

Vuto ndi loti mlingo umenewu pa shuga wa m'zipatso ndi wotsika kwambiri. Sucrose, yemwe ndi shuga wa mtundu wa nzimbe, amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 62. Glucose amafewa pa 31. Fructose, amene amachititsa zipatso kutsekemera kwambiri, amafewa pa madigiri pafupifupi 5 okha, kutanthauza kuti ngakhale mu Juni pamwamba pa phiri la Zomba amakhala wofewa kale. Asidi wa m'zipatso nayenso amatsitsa mlingowu, ndipo kachinyezi kalikonse kotsala mu ufa kamautsitsa koposa zonse. Tsono ufa umatuluka m'makina pamodzi ndi mpweya wa madigiri 70 kapena 80. Pa kutentha kotero timadontho tija timafika pa khoma tidakali ngati uchi, basi n'kukakamira pomwepo. Mkaka umauma mosavuta pa makina omwewa chifukwa shuga wake, lactose, safewa mpaka pa madigiri 101, komanso uli ndi mapuloteni ambiri.

Apa ndi pomwe pamalowera ufa wothandizira, umene pa Chingerezi amati carrier. Maltodextrin imapangidwa kuchokera ku sitachi ya chimanga, chinangwa kapena mbatatesi, yomwe amaiduladula ndi ma enzyme, zinthu zofulumizitsa kuphwanyika kwa chakudya, mpaka izisungunuka m'madzi ozizira. Iyo imapirira kutentha kwambiri, ya mtundu wabwino siifewa mpaka pa madigiri a m'ma 160. Mukaisakaniza ndi phala la mango, imakweza mlingo wofewera wa chisakanizo chonse kufika pomwe kadontho kangathe kugunda khoma n'kudumpha osamatirira. Choncho anzanu amene akuti ndi kubera anthu muwauze kuti popanda chothandizira ufa wa mango pa makina amenewa kulibe. Ufa wa zipatso umene mumauona m'masitolo akuluakulu nawonso nthawi zambiri umakhala nacho. Kuba kumayamba pamene mwathira yoposa imene ikufunika kuti sikelo ilemere, kapena pamene mwabisa osalemba pa paketi. Koma nkhawa yawoyo musaitaye, ili ndi nzeru mkati: supuni iliyonse ya maltodextrin imalanda malo a mango. Ntchito yanu yonse ndi kupeza mlingo wochepetsetsa umene ungasunge ufa uli woyoyoka mpaka kudutsa dzinja la ku Zomba.

Tiyeni tiwerengere limodzi zimene munachita, chifukwa cholakwika chachikulu chili pa masamu. Chothandizira sitiyeza potengera kulemera kwa phala lonse, poti gawo lalikulu la phalalo ndi madzi amene akauluke. Timayeza potengera zolimba zimene zili m'phalamo. Pali kachipangizo kokwana m'thumba la malaya kotchedwa refractometer: mumadontheza phala pa kagalasi, n'kusuzumira moloza kuwala, n'kuwerenga nambala yotchedwa Brix, yosonyeza peresenti ya zolimba zosungunuka m'phalamo. Ngati gulu lanu lilibe, gulani kameneka musanagule china chilichonse. Tinene kuti phala lanu lawerenga 16. Ndiye kuti m'makilogalamu 10 muli zolimba zosungunuka pafupifupi kilogalamu 1.6. Inu munathira theka la kilogalamu, kutanthauza kuti mu ufa wanu chothandizira sichinafike n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi. Chinakwanira kuti kaufa katuluke, koma osati kuti kapirire m'paketi. Pa zipatso zotsekemera, nthawi zambiri chothandizira chimafunika kukhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti ya zolimba zonse.

Ndiye yambirani pakati. Pa phala la makilogalamu 10 la Brix 16, thirani maltodextrin yokwana kilogalamu 1.6, zolimba zonse zikhale makilogalamu 3.2. Chisakanizo chimenechi chikhala cholimba kwambiri kwa makina ang'ono, choncho onjezerani madzi owiritsa okwana malita anayi ndi theka kuti chitsikire cha m'ma 20 peresenti. Maltodextrin yambani mwaisungunula payokha m'madzi ofunda, muzithira pang'onopang'ono mukuvundula ngati mmene mumachitira ndi phala la mwana, kuti pasakhale mibulu yokatseka nozo, kabowo kamene kamawaza madzi m'makinamo. Musayembekezere kutola makilogalamu 3.2 onse. Pa makina ang'onoang'ono, mukatola kuposa theka ndiye kuti zayenda. Zikayenda pa theka ndi theka, tsiku lotsatira tsitsani chothandizira kufika pa 45 peresenti, kenako 40, mpaka muone khoma layamba kumata. Mukafika pamenepo bwererani sitepe imodzi m'mbuyo, mlingo wanu ndi umenewo. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndipo muzilemba m'kope. Poti ndinu mlembi, kope limeneli likhale m'manja mwanu. Ndipo Brix muziyeza tsiku lililonse, chifukwa maboloma, kalisere ndi Kent satsekemera mofanana, ngakhalenso mango a mtengo umodzi amasintha pakati pa Novembala ndi Januwale.

Chachiwiri, pitani mukayang'ane pa thumba la maltodextrin yanu. Payenera kukhala zilembo DE ndi nambala. Nambala imeneyi ikusonyeza kuti sitachi anaiduladula kufika pati. Ikakhala yokwera, maltodextrin imakhala yotsekemerako, imasungunuka msanga, koma imayamwa chinyezi ndipo imafewa msanga. Ikakhala yotsika, imateteza bwino koma imalimbitsa phala. Ya DE 10 imafewa cha m'ma 160, ya DE 20 cha m'ma 140, ndipo ikafika pa 20 kupita m'mwamba siitchedwanso maltodextrin, imakhala glucose syrup youmitsa. Ndakumanapo ndi magulu amene anagulitsidwa thumba lotere mosadziwa, iwo n'kumangoonjezera, ufa n'kumamatabe. Kwa mango ndi chinanazi ine ndimasankha ya DE 10 mpaka 12. Ngati pa thumba sipanalembedwe kanthu, wogulitsayo akupatseni chikalata chosonyeza DE yake komanso kuti ndi yovomerezeka kuthira m'zakudya. Akakanika, kaguleni kwina.

Tsopano nkhani ya kutuwa ndi kusukuluka kwa kakomedwe, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa kumata, chifukwa munthu wogula ufa wa mango amafuna amve mango. Maltodextrin ndi yoyera ndipo ilibe fungo, ndiye ikachuluka chikasu chimasuluka. Koma pali chinanso. Chikasu cha mango chimachokera ku carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A, ndipo iyeyu pamodzi ndi mbali yaikulu ya kafungo ka mango amagwirizana ndi mafuta, osati madzi. Maltodextrin sidziwa kugwira zinthu zamafuta. Imazisiya pamtunda pa kambewu ka ufa, pomwe mpweya ndi kuwala zimaziwononga. Ndi chifukwa chake ufa wina umatuluka wachikasu bwinobwino, koma pakatha miyezi iwiri wayera ndipo ukumveka ngati udzu wouma.

Chimene chimathandiza apa ndi gum arabic, utomoni wa mitengo ya m'banja la mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan ndi maiko oyandikana nawo. Utomoni umenewu uli ndi kapuloteni pang'ono kamene kamaupatsa mphamvu yogwira mafuta ndi madzi nthawi imodzi, ndiye umakuta timadontho ta fungo ndi mtundu ngati chikopa. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso ukachuluka umalimbitsa phala ndipo ufa umachedwa kunyowa m'kapu. Sindilangiza kuugwiritsa ntchito wokha. Chimene chandiyendera ine ndi kusakaniza magawo atatu a maltodextrin ndi gawo limodzi la utomoniwu, mlingo wonse wa chothandizira osausintha. Pa magalagadeya, amene mtengo wake wonse uli pa fungo, utomoni ndi wofunika kwambiri. Ndikupempheni chinthu chimodzi: wina asaganize zokatola utomoni wa m'tchire kuno kwathu n'kuthira m'chakudya cha anthu. Wofunika ndi woyengedwa, wokhala ndi chikalata.

Palinso njira ya mapuloteni, makamaka whey protein yochokera ku mkaka. Iyi imagwira ntchito mosiyana: imathamangira pamtunda pa kadontho n'kupanga kakhungu kouma msanga, kotero kuti yochepa chabe, 1 kapena 2 peresenti ya zolimba, imatha kuchepetsa kumatirira pa khoma ndi kukulolani kutsitsako maltodextrin. Koma kakhunguko n'kakunja kokha. M'kati mwa kambewu shuga akadali yemwe uja, ndiye m'paketi ufa umafulumirabe kugwirana. Komanso mukathira, muyenera kulemba kuti muli mkaka, chifukwa alipo anthu amene thupi lawo limadana nawo. Kwa gulu loyamba kumene, iyi muisiye kaye.

Za sitachi ya chinangwa, ndikumvetsa chifukwa chake anzanu aiganizira. Chinangwa chili pakhomo, pomwe maltodextrin ndi yoitanitsa kunja. Ndipo kunena zoona, ufa woumitsidwa pamodzi ndi sitachi suyamwa chinyezi kwambiri. Koma sitachi yosaduladula sisungunuka m'madzi ozizira. Wogula akathira m'kapu n'kuvundula, pakapita kanthawi pansi pamadikha nsenga ngati za thobwa, pakamwa n'kumamveka ufa waiwisi. Mukati muiphike kaye, imasanduka phala lonanda loti silingadutse pa nozo. Ngati ufa wanu ukupita kwa ophika makeke kapena osakaniza ufa wa phala la ana, pomwe udzaphikidwe ndithu, mukhoza kuyesa kulowetsa sitachi pa gawo laling'ono la chothandizira. Koma wa chakumwa ayi.

Musaiwale kuti mlingo wa mango sungagwire pa chipatso china. Chinanazi chili ndi asidi wambiri ndipo chimafuna chothandizira chochulukirapo. Mukachiwiritsa nthawi yaitali, asidiyo amaswa sucrose kukhala glucose ndi fructose, kumata n'kuwirikiza. Bwemba ndiye wovuta kuposa onse amene ndinayesapo. Magwafa ali ndi timchenga tawo tolimba timene timadya nozo, choncho amafunika kusefa kawiri, monganso mango a ulusi wambiri. Pali enzyme yotchedwa pectinase imene imasungunula phala lolimba popanda kuonjezera madzi ambiri, ndipo pa mango imathandiza zedi. Malambe okha musawavutitse ndi makina, amauma okha m'chigoba, chawo ndi kusinja ndi kusefa.

Pa makina penipeni ndinene mwachidule. Mpweya wolowa ukhale pakati pa madigiri 140 ndi 170, koma diso lanu likhale pa wotuluka, ukhale cha m'ma 70 mpaka 80. Ukakwera kwambiri ufa umamata ndipo vitamini C amawonongeka. Ukatsika ufa umatuluka wonyowa. Mumauwongolera ndi liwiro la pampu: mukathira phala mofulumira umatsika, mukachepetsa umakwera. Magetsi akathima muli pakati, musadzapitirize ndi zomwe zatsala m'chimgolo, tsukani n'kuyambanso.

Komabe chibuma chanu cha masiku anayi chija sichinabwere ndi kuchepa kwa maltodextrin kokha. Mango amapsa nthawi yomwe mvula ikuyamba, ndipo Zomba ndi malo a chinyezi. Mu Januwale mchere womwe umanyowa m'botolo. Ufa wa zipatso umakoka chinyezi kuposa mchere, ndipo timapepala tapulasitiki topyapyala, tonga tomangira mtedza, timalowetsa chinyezi ngakhale mutamata bwino pakamwa. Mufunika mapaketi okhala ndi aluminiyamu m'kati, omata ndi makina otentha, amenenso amatchinga kuwala. Ndipo ufa usagone m'beseni kudikira mawa. Ukangozizira m'chidebe chotseka, pakirani nthawi yomweyo, mazenera ali otseka, manja ndi masupuni zili zouma. Ufa wabwino umafunika chinyezi chosapitirira 5 peresenti, ndipo ukakhala pa 3 kapena 4 ndi bwino koposa. Ena amathiramo kachitsine ka silicon dioxide kapena tricalcium phosphate kuti usagwirane, koma izi zili ndi malire ake a lamulo, ndiye musathire musanafunse.

Nayi njira yoyesera imene ndimaikonda chifukwa siifuna labotale. Tengani ndowa yokhala ndi chivindikiro chothina. Pansi ikani mbale ya madzi amene mwathiramo mchere wambiri mpaka wina kukana kusungunuka. Madzi otere amasunga chinyezi cha m'ndowamo pa 75 peresenti, chomwe chikufanana ndi tsiku la dzinja. Pambali pake ikani tisosala, kalikonse ndi supuni imodzi ya ufa wa mlingo wosiyana, mutalemba manambala. Vindikirani, muzisuzumira m'mawa ndi madzulo. Mudzaona wina ukuyamba kugwirana ukapendeketsa sosala, kenako kuda mtundu, kenako kunyezimira ngati manyuchi, pomwe wina ukadali kuyoyoka. Onse adzagonja pomaliza, koma dongosolo la kugonja kwawo likuuzani mlingo wolimba. Muikemonso paketi imodzi yomata kale, ikhalemo mwezi wathunthu. Mukadzaitsegula n'kupeza chibuma, vuto ndi paketi. Ufa uliwonse muuyesenso m'kapu ya madzi ozizira: supuni ziwiri, kuvundula theka la mphindi, n'kuona ngati pali mibulu pamwamba kapena nsenga pansi. Kenako mupatse anthu amene sali m'gulu lanu alawe osawauza kuti uwu ndi uti.

Pali zinthu zina zomwe simungazithe nokha, ndipo apa ndikulankhula motsindika. Makinawa saphera tizilombo mokwanira. Kadontho kamakhala m'moto masekondi ochepa, ndipo tizilombo tina monga Salmonella timatha kukhala moyo miyezi yambiri mu ufa wouma. Phala lanu liziyamba latenthedwa kufika madigiri 85 mpaka 90 kwa mphindi zochepa musanalithire m'makina, ndipo lisakhale pa tebulo maola ambiri likudikira. Musanayambe kugulitsa, tengani zitsanzo mupite nazo ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre akayeze chinyezi ndi tizilombo, akuuzeninso zofunika kuti mulandire chiphaso ndi zoyenera kulemba pa paketi. Mukafunse nambala yotchedwa water activity, yosonyeza madzi a mu ufa amene tizilombo tingagwiritse ntchito, yomwe pa ufa wotere iyenera kukhala cha pa 0.3 kapena kutsikirapo. Pa malangizo a kasakanizidwe, aphunzitsi a sayansi ya zakudya ku yunivesite ya za ulimi ya LUANAR, ku Bunda, ndi oyenera kuwafikira, ndipo pafupi nanu pomwepo pali dipatimenti ya chemistry ya University of Malawi. Mukaona timadontho takuda mu ufa kapena kumva fungo lopserera, zimitsani makina ndipo muitane mmisiri, chifukwa zomatirira pa khoma zikapsa zimatha kuyatsa fumbi la ufa m'chimgolo.

Pa paketi lembani zonse motsatira kuchuluka kwake, ndipo ngati maltodextrin ndi theka, isabisike. Iyo imakweza shuga m'magazi mofulumira ngakhale sitsekemera pakamwa, ndiye munthu wodwala matenda a shuga ayenera kudziwa chimene akumwa. Musalembe kuti ndi mango okhaokha, ndipo musalembe kuti mulibe shuga.

Ndikuuzeninso maganizo anga pa nkhani ya mango oolera pansi aja. Makina ang'ono ngati anuwo amaumitsa malita ochepa pa ola, amadya magetsi ambiri, ndipo theka la ufa wake ndi chinthu chogula kunja. Sangamalize mango a Songani ndi Domasi, ngakhale mutagwira usana ndi usiku. Ine ndikanakhala pagulu panu, mango ambiri ndikanawalenga n'kuwaumitsa m'choumitsira cha dzuwa kapena kuyala phala lake kuti liume ngati chikopa, zomwe sizifuna chothandizira chilichonse, ndipo makinawa ndikanawasungira mango osankhika a fungo lamphamvu, opita kwa ogula amene mwagwirizana nawo kale monga opanga yogati, ayisikilimu ndi makeke. Amenewo amalipira ufa wosasinthasintha, ndipo kope lanu lija ndi limene lidzakuthandizeni kuupanga chimodzimodzi ulendo uliwonse.

Zibuma zomwe muli nazo kale, ngati zilibe nkhungu kapena fungo lowawasa, sungunulani mumwe pakhomo, koma musazisinje n'kuzipakiranso kuti mugulitse. Mukayesa ulendo wa theka ndi theka uja, mundilembere Brix ya phala, DE ya pa thumba, kutentha kwa mpweya wotuluka ndi makilogalamu a ufa amene mwatola, tidzaone limodzi ngati tingatsikire pa 45.